Bokosi Limene Linatichedwetsa Kupita ku Chipata

Ine ndine munthu wokayikira, ndipo sindibisa. Wogulitsa tomato akandimwetulira kwambiri, ndimayamba ndatembenuza tomato wapansi pa mulu. Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndinakwatiwa kwa Magodi, m'boma la Lundazi, kumene dzina langa la Nabanda linasanduka Nyabanda tsiku lomwe ndinafika. Ulendo uwu ndinayenda ndi alamu anga a Yesaya, mkulu wa amuna anga, m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene Lundazi yense anali atapenga ndi miyala.

Miyala yake inali ya akwa, yooneka ngati madzi obiriwira. Amuna ankasiya minda n'kukakumba m'mapiri, ndipo ogula ochokera kumayiko akutali anadzaza nyumba zogona alendo pa boma. Ochenjeretsa sanachedwe kuona mwayi. Ankaswa mabotolo, kuwapera bwinobwino, n'kukagulitsa kwa mlendo wosadziwa. Ena anamenyedwa, ena anamangidwa, ndipo ukangopezeka ndi kagalasi kosalala m'thumba unkayenera kufotokoza zambiri.

Tsono ntchito ya alamu anga inali ya magalasi osalala omwewo. Anagwirapo ntchito padoko ku Dar es Salaam kwa zaka zambiri, ndipo pobwerera sanabwere ndi chigayo kapena malata ngati anzawo. Anabwera ndi mkazi komanso nkhani za nyanja yamchere. Ukawafunsa za mvula, ankakuyankha za mafunde. Kuseri kwa nyumba yawo anakoleka mgolo pa chitsulo n'kuulumikiza ku tcheni cha njinga yakale. Ankathiramo zidutswa za mabotolo, mchenga ndi madzi, n'kumapalasa masabata ambiri osapita kulikonse. Zidutswazo zinkatuluka zosalala, zambuu, ngati maswiti amene mwana wayamwa n'kulavula. Ankati umu ndi mmene nyanja imachitira ndi botolo lotayidwa. Ankapangira mikanda ndi timazenera ting'onoting'ono, ndipo ine ndinkati ndi misala yabwino, yosaluma munthu. Mabotolo a mankhwala ndinkawasungira ndine.

Mkazi wawo dzina lake anali Mwanaidi, koma poti kwawo kunali ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ku Tanzania, mudzi unawatcha a Nyakilwa. Ndinkawakonda mayi amenewo. Tonse tinali alendo pabanjapo, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa Chitumbuka, ngakhale chawocho chinali chopindika. Chichokereni kwawo anali asanabwerereko.

Chaka chimenecho a Nyakilwa anadwala kwambiri, mpaka anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Chipata, mwana wawo Tamala akuwadikira. Alamu anapitako kamodzi, ndipo atabwerako anadzitsekera m'kanyumba kawo kogwirira ntchito. Mgolo unkalira kuyambira mbandakucha. Anyamata okumba miyala ndinawaona akulowa pamenepo, osati kamodzi. Sindinafunse munthu, ndinangoika zinthuzo pamodzi mumtima mwanga: mkazi ali m'chipatala, m'nyumba mulibe kanthu, ndipo mwamuna amadziwa kusandutsa botolo kuti lioneke ngati mwala.

Kenako woyendetsa lole wina anatisiyira uthenga wa Tamala: bwerani msanga, amama mphamvu zatha. Banja linasankha ine kuti ndipite ndi alamu, chifukwa kuwodi ya amayi kumafunika mayi. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi, kuwapeza a Nyakilwa, akulu anga apabanjapo, akupuma.

M'mawa ndinafika ndi chikwama changa, njinga ziwiri zili tayale, otipalasa atapinda kale mathalauza. Alamu anatuluka atakumbatira bokosi la matabwa lophwatalala, kukula kwake ngati chitseko cha kabati, lokhomedwa misomali mbali zonse. Mitsempha ya m'khosi inachita kuoneka ndi kulemera kwake.

"Pa njinga yayi, mlamu," anatero. "Tiyenda pa ngolo."

"Pa ngolo? Alamu, basi ya m'mawa sitidikira ife."

"Njinga igwedeza maningi."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Katundu."

Katundu! Ngati kuti ine ndinkaganiza kuti muli mphepo. Tinadikira kuti ng'ombe zimangidwe, ndipo imodzi inali ndi maganizo akeake, inkakhotera kulikonse kumene yaona mapesi. Alamu anakhala pa thumba la madeya, bokosi lili pamiyendo, ndipo pa kadzenje kalikonse ankaliimika m'mwamba ngati mbale ya msuzi. Anthu apanjinga ankatipitirira akutipatsa moni. "Monile, adada! Mwaluta nkhu?" Maso awo sanali pa adada, anali pa bokosi. Titafika pa msewu waukulu tinapeza kagalimoto ka fodya kamene kanatitengera ku boma, koma dzuwa linali litakwera kale. Basi ya ku Chipata tinangopeza mafuta amene inadontheza.

Pafupi ndi msika wa Lundazi panali kaminibasi kamodzi, ndipo kondakitala wake analumbira kuti kwangotsala anthu awiri, ifeyo. Ndinasuzumira m'kati n'kuona anthu atakhala mwaulemu, opanda chikwama ngakhale chimodzi. Munthu wopita ku Chipata wopanda ngakhale kathumba ka mtedza? Ndinadziwa kuti ndi anzake owakhazika kuti galimoto ioneke yodzaza. Ndipo zoonadi, wokwera weniweni akabwera, mmodzi wa iwo ankakumbukira kuti waiwala chinachake kumsika.

"Mudala, iyo bokosi iyenda pamwamba," anatero kondakitala.

"Yayi."

"Pansi pa mpando?"

"Yayi."

"Ninshi mulipila mpando wake. Ni munthu uyo."

Alamu analipira osatsutsa ngakhale pang'ono, mtengo wa munthu wathunthu. Munthu amene ankatha kukangana ndi wogulitsa mchere mpaka dzuwa kupendeka! Pamenepo kukayikira kwanga kunamera mizu. Choseketsa n'choti mpando analipirawo sanaugwiritse ntchito. Anati mpando ugwedeza, bokosi likhale pamiyendo, theka pa yawo, theka pa yanga.

Tinakhala pamenepo mpaka ogulitsa nthochi anatizolowera. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kenako n'kuzimitsa n'kupita kukadya. Ine mtima unali ku Chipata. Nthawi iliyonse imene mayi wina wadutsa atafunda chitenje kumutu ndinkaganiza za uthenga umene ungatipeze panjira.

Womaliza kukwera anali bambo wina wa jekete lachikopa, kutentha konseko, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Anakhala kumbuyo kwathu, ndipo tisanatuluke n'komwe m'tauni mutu wake unali uli pakati pa mapewa athu.

"Ba mudala, muli na chani umo? Mwaigwila monga mwana."

"Katundu," anatero alamu.

"Mwachokela kuti?"

"Kwa Magodi."

"Aaa, kwa Magodi." Anaseka ngati wamva nkhani yabwino. "Ine nigulitsa chabe salaula, osaniyopa."

Ndinamuyang'ana manja. Wogulitsa zovala zakaunjika sakhala ndi mphete ngati imeneyo, ndipo sayenda wopanda belo. Ndinakankhira chikwama changa pakati pa miyendo.

Msewu wa Lundazi kupita ku Chipata masiku amenewo unali ndi phula la apo ndi apo, lokhala ngati lokumbutsa kuti kale linaliko. Dalaivala ankayenda m'mbali, m'fumbi, n'kumakwera pa phula pokhapokha akafuna kuwolokera mbali inayo. Pa dzenje lililonse alamu ankati, "Nyamulani, mlamu," ndipo tonse tinkakweza bokosi m'mwamba. Mawondo anga anachita dzanzi. Ndinayesa kutchera khutu kuti ndimve ngati m'kati mukugogoda timiyala, koma munali zii. Ndinati ayi, awa amanga bwino, akulunga ndi thonje.

Titadutsa ku Lumezi, pansi pa galimoto panamveka kuti pho, ndipo tinapendekera kumanzere. Chitsulo chonyamula thupi la galimoto chinali chitathyoka. Dalaivala anagona pansi, natuluka, nayang'ana kumwamba, kenako anabwereka njinga kwa munthu wodutsa n'kunena kuti akubwera manjemanje. Manjemanje wa dalaivala ndimamudziwa. Tinatsika tonse n'kukakhala pakhonde la kagolosale kena m'mbali mwa msewu.

Kudikira kumatsegula pakamwa. Poyamba anthu ankatukwana msewu, kenako mitengo ya feteleza, ndipo zimenezo zitatha anatembenukira kwa ife. Ndinkaona akunong'onezana n'kumaloza ndi milomo. Mayi wina wonenepa, amene anali asanandiyankhule chichokereni ku Lundazi, anabwera kudzandipatsa chinangwa chootcha n'kundifunsa ngati amuna anga ali ndi mgodi. Ndinati awa ndi alamu anga, ndipo mgodi wawo ndi dzala la mabotolo. Anaseka n'kundimenya paphewa, kusonyeza kuti wamva ndipo sauza munthu.

Wa jekete anadikira kuti alamu akhale okha pansi pa mtengo wa mango, n'kukanjuta pafupi nawo. Ine ndinasendera ngati ndikufuna mthunzi.

"Mudala, tisataye nthawi. Ku Chipata bazakudyelani. Nionetseni chabe imodzi, nizakupatsani mtengo wabwino."

"Sinigulitsa."

"Aliyense agulitsa."

"Ine yayi."

Atachoka ndinakhala pamalo pakepo. Ndinali nditatopa, ndili ndi mantha, ndipo ulemu unali utandithera.

"Alamu, ndiuzeni zoona. Anyamata a miyala aja ankadzatani kwanu?"

"Kufuna magalasi."

"Ndiye munawapatsa?"

"Ninabathamangitsa."

"Nanga m'bokosimu?"

Anasisita thabwa ndi chala chachikulu. "Ni vya Mama Tamala," anatero. "Ayambe kuona ni yeve."

Ndinaganiza kuti yankho limenelo ndi lochenjera kwambiri. Munthu ukafuna kuti asakufunsenso, umatchula wodwala. Ndinawauza mosabisa kuti tikachedwa chifukwa cha bokosi limeneli, kapena akatimanga nalo, akulu anga n'kutisiya tisanafike, sindidzawakhululukira mpaka kumanda. Anangovula chipewa n'kuchivundikira pa bondo.

Dalaivala sanabwere tsiku limenelo. Mwini golosale anatilola kugona pakhonde, ndipo kutacha ndinapeza alamu atakhala momwe ndinawasiyira, msana kukhoma, bokosi pachifuwa.

Chakum'mawa kunatulukira lole yonyamula thonje. Amene tinali ndi changu tinakwera pamwamba pa mabelo, titalipiranso kachiwiri, poti kondakitala wa minibasi anati ndalama zinapita ndi dalaivala. Pa thonje alamu anapumako, chifukwa bokosi linapeza pofewa. Wa jekete nayenso anakwera, koma iye anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Lole inkayenda ngati ikuwerenga mitengo, ikuima paliponse pamene pali munthu wokweza dzanja. Pofika ku Mgubudu dzuwa linali litadutsa pamutu.

Patsogolo pang'ono tinapeza migolo itaikidwa pamsewu, apolisi ataima. Wa jekete ndiye anayamba kutsika, ati kukawongola miyendo, ndipo ndinamuona akuyankhula ndi wapolisi wamkulu. Mwina ankangopereka moni. Mpaka lero sindikhulupirira kuti unali moni. Wapolisiyo anabwera molunjika kwa ife, osayang'ana ngakhale thumba la munthu wina.

"Ba tate, selukani na bokosi yanu."

Anali bambo wachikulire, waulemu wake, wooneka kuti wamva mabodza ambiri pamsewu umenewo. Anapempha chitsulo chomasulira matayala n'kuzula misomali, alamu akumupempha kuti achite pang'onopang'ono. Anthu onse anatsika pa lole n'kutizungulira. Ine ndinadzipanikiza kutsogolo, chifukwa ngati ndikumangidwa ndinkafuna kuona chondimangitsa.

Pansi pa thonje ndi bulangete lakale panali chinthu chonga zenera: felemu ya thabwa, m'kati mwake muli timagalasi tosalala tambirimbiri tomatidwa ndi simenti woyera. Chitagona pansi choncho sichinkaoneka kukongola kulikonse. Chinali chakuda, chambuu, ngati miyala yobisidwa m'khoma. Anthu anati, "Eee!"

"Layisensi ya miyala ili kuti?"

"Si miyala, bwana. Ni mabotolo."

"Mabotolo." Wapolisi anapukusa mutu. "Ba tate, naona miyala mu buledi, mu tayala, mu thewela ya mwana. Mu simenti ni lelo. Munthu angalipile galimoto kunyamula mabotolo? Tizayenda ku siteshoni, tiyembekeze odziwa miyala abwele aone."

"Abwela liti?" ndinafunsa.

"Kapena mailo. Kapena sabata ya mawa."

Ndinayamba kulankhula ngati wailesi. Ndinati tili ndi wodwala ku Chipata amene mwina saona mawa. Ndinati bambo awa mudzi wonse umawadziwa kuti amapalasa njinga yosayenda, ndipo timabuluu ito ndi mabotolo a mankhwala a m'mimba amene ndinamwa ine ndemwe. Anthu anaseka, koma wapolisi sanaseke.

"Kunja vonse vioneka chimodzimodzi," anatero. "Tiphwanye imodzi, tione mukati." Anayendetsa chala pamwamba pa zenera lija n'kuima pakati penipeni, pa kagalasi kokulirapo, kobiriwira mopepuka kuposa tina tonse. "Iyi."

"Iyo yayi," anatero alamu msangamsanga. "Sankhani ina iliyonse. Tengani zibili, zitatu. Iyo yayi."

Wapolisi anawayang'ana, anthu anayang'anana, ndipo ine mumtima ndinati basi, agwidwa. Mabotolo onsewa ndi chophimba chabe, mwala weniweni ndi umenewu. Ndinachita manyazi, ndinakwiya, ndipo ndinawayandikira n'kuwauza chapansipansi kuti, "Alamu, kaya ndi chiyani, akulu akudikira."

Anandiyang'ana ngati ndawadzutsa kutulo. Kenako anatulutsa kampeni m'thumba, anagwada m'fumbi, n'kuyamba kukokota simenti mozungulira kagalasi kaja. Anachita okha, modekha, kuti toyandikana nato tisagwedezeke. Atakachotsa anakagwira m'manja kanthawi, anakaika pa mwala wa m'mbali mwa msewu, n'kupempha chitsulo chija. Wapolisi anafuna kumenya yekha, koma alamu anakana. Anamenya okha, kamodzi.

Wa jekete, wogulitsa salaula uja, anatulutsa kagalasi koonera miyala m'thumba la m'kati. Anatola kachidutswa, anakayang'ana padzuwa, n'kuseka mokhumudwa.

"Botolo iyi, bwana. Muli tumphepo mukati." Anakataya pansi n'kupukuta zala pa jekete. "Mudala, mwatitayitsa nthawi."

Anthu anabalalika akudandaula ngati tawabera. Mayi wa chinangwa uja sanandiyang'anenso. Wapolisi anakanda kumutu, anati pepani ba tate, ni nchito, ndipo anathandiza kukhomanso misomali. Alamu anali akadagwada, akutola tizidutswa tonse, ngakhale kamene wa jekete anataya, n'kumatiika pa kampango.

Lole inanyamukanso. Ndinayamba ndine kufunsa.

"Ngati linali botolo, munkakaniranji?"

"Tonse utu napela ine na mugolo," anatero, akuyang'ana kampango kaja. "Aka kanapela nyanja yeka. Mwanaidi anakatola pa mchenga tikali kufunana, ananipatsa. Ndiye kananiphunzitsa nchito iyi."

Anandiuza kuti atapita kukawaona kuchipatala, a Nyakilwa sanapemphe chakudya kapena mankhwala. Anati akufuna kuona nyanja kamodzi kokha. Adokotala anati ulendo wotero sangafike nawo ngakhale ku Lusaka.

"Nanga osandiuza bwanji?" ndinatero.

"Mukananiseka, mlamu."

Ndinafuna kukana, koma ndinadziwa kuti ndikanaseka, ndipo ndikanawauza kuti agulitse mgolowo agule shuga wa wodwala. Ndinangokoka bokosi kuti theka likhale pamiyendo yanga, ngakhale pa thonje panalibe chifukwa.

Ku Chipata tinafika dzuwa litapendeka. Lole inatitsitsa kutali ndi chipatala, ndipo tinayenda wapansi, wina kutsogolo wina kumbuyo, bokosi pakati. Panjira yonseyo ndinkangomvetsera ngati kukumveka kulira. Pakhomo la wodi tinakumana ndi Tamala atanyamula beseni, ndipo ndinayang'ana nkhope yake ndisanamupatse moni.

"Adada! Amama achoko! Mwachedwa uli?" anatero. "Alipo. Kufuma mayilo akufumba za imwe."

Alipo. Kuyambira dzulo akufunsa za ife. Ndinatsamira khoma.

A Nyakilwa anali pa bedi lakumapeto, pafupi ndi zenera loyang'ana kumadzulo. Anali atatha, manja ngati timitengo, koma maso anali omwe aja.

"Nyabanda, wanenepa," anatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Kenako anaona bokosi. "Baba Tamala, wanyamula nini tena?"

Alamu anaika bokosi pansi. Anapempha namwino ngati angatsegule zenera, ndipo namwino, amene ankaoneka kuti nayenso akufuna kudziwa, analola. Anazula misomali, anachotsa bulangete, n'kundiuza kuti ndigwire mbali imodzi. Tinakweza chinthu chija mpaka chinatseka dzuwa.

Sindinayang'ane zenera, ndinayang'ana pabedi. Nsalu yoyera imene anafunda inali itasanduka. Kumiyendo kunali kofiirira ngati mchenga wonyowa, kuchokera ku mabotolo a mowa. Kenako kamzere koyera, kenako kubiriwira kopepuka, kumka kukuda, mpaka buluu wa mabotolo anga a m'mimba anafika pachifuwa pawo ndi pakhoma. Odwala a mabedi oyandikana anadzuka n'kukhala tsonga.

A Nyakilwa anayang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Bahari," anatero m'chinenero cha kwawo. Kenako anakwinya pamphumi, mmene ankachitira ndikalakwitsa Chitumbuka. "Koma yaima. Nyanja siima, Baba Tamala."

"Mlamu," anatero alamu, "gwedezani pang'ono."

Tsiku lonse la dzulo lake ndi lonse la tsikulo tinali tikuteteza chinthu chimenechi kuti chisagwedezeke. Tsopano tinayamba kuchipendeketsa, kutsogolo, kumbuyo, ndipo kuwala kunayamba kuyenda pa nsalu, kukwera, kubwerera. Mzere woyera uja unkafika kumapazi n'kuthawa. A Nyakilwa anauza Tamala kuti awavundukule kumiyendo. Kuwala kutakhudza zala zawo, anakoka phazi msanga n'kuseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chidwalireni.

Pakati pa kubiriwira konseko panali kadontho koyera, kowala kwambiri, pamene dzuwa linkadutsa pa bowo limene kagalasi kophwanyidwa kaja kanasiya. Ndinaona maso awo akukatsatira. Anayang'ana zenera, anayang'ana amuna awo, ndipo ndinadziwa kuti azindikira chimene chikusowa. Alamu anayamba kupisa dzanja limodzi m'thumba mmene munali kampango.

"Mwanaidi, pa njila..."

"Leka," anatero. "Iyo ni ngalawa ya baba yangu. Ibwela kunitenga. Gwedeza chabe."

Tamala anatuluka panja ndi beseni lake. Alamu misozi inkatsikira m'ndevu, ndipo analibe dzanja lopukutira. Ine mapewa ankayaka moto, zala zinachita dzanzi, simenti ikundidya m'manja. Namwino anati tikhoza kuchitsamiritsa pa zenera kuti tipume. Ndinakana. Tinagwedezabe mpaka dzuwa linabisala kuseri kwa nyumba yochapira, nsalu n'kubwerera kuyera kwake.

Akulu anga anatisiya sabata yomweyo, ndipo madzulo aliwonse amene anatsala nawo tinkawakwezera zenera lija. Nyanja yamchere sindinaionepo mpaka lero, ndipo anthu akamandiuza za kukula kwake ndimakayikira monga mwa chizolowezi changa. Koma kulemera kwake ndikukudziwa, ndinainyamula pamiyendo kuchokera ku Lundazi.